MLENDO WOKHALA M'KATI MWA TSAMBA

Za Chilengedwe Chathu

Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo. Woyamba umati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, choncho tisatope naye. Wachiwiri umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wobwera angathe kutithandiza pa zimene zatikanika ife eni mudzi. Komatu aliyense amene adasungapo alendo akudziwa kuti alipo mlendo wamtundu wachitatu, amene amafika, nayala mphasa, nakhazikika, namadya mpaka nkhokwe itaoneka pansi. Mwezi uno tikambirana za alendo a mitundu yonseyi monga amapezekera pakati pa zomera za m'madzi. Ndi alendo aang'ono kwambiri, osaoneka ndi maso, amene amamanga nyumba zawo m'kati mwenimweni mwa mnofu wa chomera china. Ena amapha mwini nyumba, ena amamlemeretsa. Nkhani yawo ikukhudza mphika wathu, khola lathu, ndiponso mtsinje wathu wa Kafue.

Ndere zimene timadya osadziwa

Tikamati ndere, ambiri timaganiza za zobiriwira zoterera zija zimene zimamera pa miyala ya kumtsinje, kapena mu mgolo wa madzi umene wakhalitsa padzuwa. Koma banja la ndere ndi lalikulu zedi. M'nyanja zazikulu za mchere muli ndere zina zokula ngati tizitsamba, za nthambi zonenepa, zofiira kapena zofiirira. Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mchere, komabe ndere zimenezi zimatipeza m'nyumba zathu. Mwa izo mumachokera phala lotchedwa carrageenan, lopanda fungo ndiponso losakoma kanthu, limene ntchito yake ndi kulimbitsa zinthu zamadzimadzi kuti zigwirane. Phalali limaikidwa m'mankhwala ambiri otsukira mano, mu ayisikirimu, mu mkaka wa chokoleti ndi m'masoseji ena. Mukagula chinthu m'sitolo pano pa Kafue, ndipo pa mndandanda wa zosakaniza mwaona E407, dziwani kuti ndi lomweli. Dzina lake lidachokera ku Ireland, kumene anthu a m'mbali mwa nyanja akhala akutola ndere yotchedwa Chondrus crispus pa miyala, naiphika ndi mkaka, kuyambira kalekale.

Masiku ano ndere zambiri zofiira zimachita kulimidwa. Kwa anansi athu ku Tanzania, pa chilumba cha Zanzibar, ulimi umenewu udayamba mwamphamvu mu 1989, pamene mbewu za mitundu iwiri, cottonii ndi spinosum, zidabwera kuchokera ku Philippines. Pulofesa Keto Mshigeni wa pa yunivesite ya Dar es Salaam adaulimbikitsa kwa zaka zambiri usanayambe. Midzi ya Paje ndi Jambiani ndiyo idatsogolera, ndipo ulimiwo udakula kufikira alimi adapitirira 20,000, ambiri mwa iwo amayi. Pa Chiswahili ndereyo amaitcha mwani. Madzi a nyanja akaphwera, amayiwa amakhoma zikhomo mumchenga, namanga zingwe, namangirira timaphesi ta ndere pa zingwezo. Pakapita pafupifupi milungu 6 amakolola, nayanika padzuwa, nagulitsa. Ndalama zake ndizo zimagula mayunifomu a ana, malata a nyumba ndi ndiwo zapakhomo.

Adani obisala mumnofu

Mlimi aliyense amadziwa kuti mdani wakunja ndi wosavuta. Mbalame timaziingitsa, udzu timaupalira. Wovuta ndi uja amalowa m'kati, monga kapuchi m'phesi la chimanga. Ndere zofiira nazo zili ndi adani otere, ndipo chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa adaniwo ndi ndere zinzawo.

Mu 1988 akatswiri ogwira ntchito ku Canada, mmodzi mwa iwo Juan Correa wa ku Chile, adalongosola kandere kobiriwira kamene adakatcha Acrochaete operculata. Ndi kaulusi kochepetsetsa, koonekera pa maikulosikopu pokha. Kambewu kake kamatera pa ndere yofiira ija ya Chondrus crispus, n'kumera, n'kuboola khungu, kenaka n'kumayanga pakati pa maselo monga chiswe chimayendera m'kati mwa nsichi. Kunja kumayamba kuoneka timadontho tobiriwira. M'kati mnofu umafewa, mabakiteriya amapeza khomo lotseguka, nthambi imawola, ndipo mafunde akawomba imaduka n'kupita. Ku Chile nakonso kuli kandere kena, Endophyton ramosum, kamene kamachititsa zigamba zobiriwira pa ndere yofiira imene anthu a kumeneko amatola kuti agulitse.

Pofufuza mopitirira, akatswiri adaona kuti Chondrus crispus ili ndi mibadwo iwiri yosinthana, yofanana maonekedwe ngati mapasa, koma yosiyana pang'ono phala la m'kati. Mbadwo wina phala lake ndi la mtundu wa lambda, winawo la mtundu wa kappa. Kandere kaja kamalowa mpaka pakatikati pa mbadwo wa lambda, koma pa mbadwo wa kappa kamangothera pakhungu. Mu 1999 akatswiri a ku Roscoff, m'dziko la France, adasonyeza chifukwa chake. Kandereko kamazindikira tizidutswa ta phalalo. Kakamva lambda kamalusa, kakamva kappa kamafooka, ndipo mwini nyumba amakazindikira msanga natulutsa hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja ena amatsukira zilonda, kuti akawauke. Taonani, ngakhale chomera chopanda maso ndi makutu chimadziwa kulonda pakhomo pake. Sikuti tindere tonse tokhala m'kati ndi toopsa ayi. Tambiri timangokhala phee, osapindulitsa mwini nyumba ndiponso osamupweteka, mpaka tsiku limene iye wafooka.

Amayi a ku Zanzibar alawa kuwawa kwa nkhani imeneyi. Madzi osaya a m'mbali mwa nyanja akhala akutentha kuposa kale, ndipo ndere ikafooka ndi kutentha imagwidwa ndi nthenda yotchedwa ice-ice, imene imayeretsa nthambi n'kuzidula. Imameranso tindere tina tofiira tooneka ngati ubweya, timene timaulusi take timalowa mumnofu. Mtundu wa cottonii, umene mtengo wake ndi wokwera, ndiwo wavutika kwambiri, kotero kuti alimi ambiri atsala ndi spinosum wotsika mtengo. Ena ayamba kusamutsira minda yawo kumadzi akuya ozizirirapo, ndipo amayi amene sadaphunzire kusambira ali ana akuphunzira tsopano, atakula kale.

Pali chinthu chimodzi pano chimene mlimi wa ku Zambia achimvetse msanga. Ndere zimenezi sizibzalidwa ndi njere. Amangothyola nthambi ya mbewu yakale n'kuimangirira pa chingwe. Choncho chilichonse chobisala m'kati mwa nthambiyo chimasamukira nayo limodzi kumunda watsopano. Ndi mmenenso zimakhalira ndi mitengo ya chinangwa ndi zingwe za kandolo. Nthenda yowoletsa chinangwa m'kati, imene idapezeka m'dziko lino mu 2017 m'maboma a Chienge ndi Kaputa, imayenda motero, m'mitolo ya mbewu imene anthu amapatsana mwachikondi. Mbewu yooneka bwino kunja ingathe kunyamula mlendo woipa m'kati.

Wathu wa kuno kwathu

Tsono tibwerere kwathu. Ife tilibe ndere za m'nyanja ya mchere, koma m'madzi odekha a dziko lino, m'madambo, m'maiwe ndi m'mathawale, mumamera kachitsamba koyandama kotchedwa Azolla. Mukamayenda m'mbali mwa madzi osathamanga, kuseri kwa bango, yang'anitsitsani. Mukaona mphasa yobiriwira kapena yofiira itayalidwa pamwamba pa madzi, tapani pang'ono m'dzanja. Ngati ndi Azolla, muona kuti kachitsamba kalikonse n'kongofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu, timasamba take tosanjikizana ngati mamba a nsomba, ndi timizu tolendewera m'madzi. Sachita maluwa kapena njere. Amaswana pothyoka nthambi, ndiponso ndi timbewu tonga fumbi. Pamthunzi amakhala wobiriwira, koma kukazizira mu Juni ndi Julayi, kapena dzuwa likamuomba kwambiri, amasanduka wofiira ngati njerwa. Mitundu iwiri, Azolla pinnata ndi Azolla nilotica, ndi mbadwa za muno mu Africa.

Paja adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamba la Azolla kukula kwake ndi pafupifupi milimita imodzi, koma m'kati mwake muli kachipinda. Mu 1873 katswiri wa zomera wa ku Germany, Eduard Strasburger, adalongosola mlendo wokhala m'kachipindamo, amene amadziwika ndi dzina lakuti Anabaena azollae. Kwa zaka zambiri ankawerengedwa pakati pa ndere, ndipo mpaka lero ambiri amamutcha ndere yabuluu mobiriwira, ngakhale kuti akatswiri a masiku ano amamuika m'gulu la mabakiteriya odzipangira okha chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Pa maikulosikopu amaoneka ngati kolona: mikanda ing'onoing'ono yolumikizana, ndipo ikapita ingapo pamabwera umodzi waukulupo. Mikanda yaikuluyo ndiyo ili ndi chinsinsi cha nkhani yonseyi.

Fakitale ya m'tauni ndi fakitale ya m'tsamba

Palibe tauni m'Zambia muno imene ingamvetse chinsinsichi kuposa Kafue. Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chikasowa feteleza wobereketsa, masamba ake amachita chikasu ndipo ngala zimakhala zazing'ono. Chimene chimasowacho ndi nayitirojeni. Chodabwitsa n'chakuti nayitirojeniyu ali paliponse. Mwa magawo 100 a mpweya umene tikupumawu, magawo 78 ndi iyeyo. Koma mumpweya amakhala womangika zolimba, ndipo chomera sichingathe kumugwiritsa ntchito. Zili ngati munthu wofa ndi njala atatsamira nkhokwe yodzaza koma yokhoma.

Amene adapeza kiyi wa nkhokweyo ndi Fritz Haber wa ku Germany, mu 1909, ndipo Carl Bosch adamanga fakitale yoyamba ku Oppau mu 1913. Njira yawo imafuna moto wopitirira madigiri 400 ndi kupanikiza mpweya mwamphamvu yoposa ya mlengalenga kopitirira ka 100. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene idatsegulidwa pano pa Kafue mu 1970, idamangidwa kuti izichita ntchito imeneyi pogwiritsa malasha a ku Maamba, ndipo mabanja ambiri adasamukira m'tauni muno chifukwa cha iyo. Popeza kupanga feteleza kumadya moto wochuluka chotero, mtengo wake umatsata mtengo wa mafuta, gasi ndi malasha. N'chifukwa chake nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022, thumba la urea lidakwera mtengo ngakhale kumudzi kumene sadamvepo dzina la dzikolo.

Tsono mikanda yaikulu ija ya m'tsamba la Azolla imachita ntchito yomweyo, m'madzi ozizira, popanda malasha kapena magetsi. Ili ndi makoma ochindikala otsekereza mpweya wa okosijeni, umene ukadaononga zipangizo zake. M'kati mwa makomawo imamasula nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa ammonia, chakudya chimene chomera chimatha kulandira. Mlendoyo amapereka chakudyacho kwa mwini nyumba, ndipo mwini nyumba amamubwezera shuga ndi malo otetezeka. Pangano lawo ndi lolimba kotero kuti Azolla akamapanga timbewu take, amalongedzamo ndi tiana ta mlendoyo, kuti mbadwo watsopano uyambe moyo uli naye kale. Mu 2010 akatswiri a ku Stockholm, m'dziko la Sweden, adapeza kuti pokhalitsa m'nyumba ya eni, mlendoyu adataya zambiri mwa zida zimene abale ake okhala paokha ali nazo, ndipo sangathenso kudziimira payekha. Amene adabwera ngati mlendo adasanduka wa pabanja.

Kuti mukhulupirire kuti mapangano otere alipodi, simusowa maikulosikopu. Zulani phata limodzi la nshawa, soya kapena nyemba zikamachita maluwa, muone timibulu pa mizu yake. Dulani kamodzi ndi mpeni. Mukapeza m'kati muli mofiirira, dziwani kuti mabakiteriya a mtundu wa Rhizobium ali pantchito yomweyo. Ndicho chifukwa chake chimanga chimachita bwino pamene chaka chatha padali nshawa, ndiponso pansi pa mtengo wa msangu, umene umagwetsa masamba ake nthawi ya dzinja.

Phindu lake pakhomo

Alimi a mpunga a ku China ndi Vietnam adazindikira ubwino wa Azolla zaka mazana ambiri zapitazo. Amamufesa m'madzi a m'munda, ndipo akayala mphasa amamukwirira m'matope kuti awolerane n'kukhala manyowa. Mphasayo imatchinganso dzuwa kuti udzu usamere. Nyengo ikakhala yabwino, Azolla amachuluka kawiri m'masiku osapitirira 10, nthawi zina m'masiku 3 okha. Alimi a mpunga a ku Mongu ndi ku Chama ali ndi chifukwa chabwino choganizirapo zimenezi.

Kwa ife a m'tauni ndi m'mafamu aang'ono ozungulira Kafue, phindu lapafupi lili kukhola. Amene amaweta nkhuku, abakha, nkhumba kapena nsomba za m'damu amadziwa kuti ndalama zambiri zimathera pa chakudya cha ziweto, makamaka chomanga thupi. Gaga yekha amakhutitsa koma sakulitsa. Azolla wouma, mwa magawo 100 alionse, magawo 20 mpaka 30 ndi chakudya chomanga thupi. Abakha amamukonda kwambiri, nkhuku zimamuzolowera pakapita masiku ochepa, ndipo nsomba zodya zomera zimamudya ali pamadzi pomwepo.

Kumulima si kovuta. Kumbani dzenje losaya, mamita awiri m'litali, mita imodzi m'lifupi, kuya kwake masentimita 20, pamalo pamene pamafika dzuwa la m'mawa koma masana pali mthunzi. Yalani pulasitiki yolimba yosadontha. Thirani dothi lachonde losefa kuti liphimbe pansi, sungunulani ndowe zowolerana zodzaza kandowa kakang'ono, ndipo thirani madzi mpaka afike masentimita 10. Fesani Azolla wodzaza manja angapo. Pakapita milungu iwiri dziwe lonse lidzakhala litaphimbika, ndipo mungayambe kutapa ndi sefa tsiku ndi tsiku, kusiya wina kuti apitirize kuswana. Mlungu uliwonse onjezani ndowe pang'ono, ndipo madzi akada muchotseko ena n'kuthira atsopano. Musanapatse ziweto, mutsukeni ndi madzi oyera kuti fungo la ndowe lichoke, kenaka musakanize ndi gaga. Wotsala ndi madzi akale omwe, thirani m'dimba la ndiwo zamasamba.

Koma tisanamizane, awerengi. Azolla si mankhwala a umphawi wonse. Ali mwatsopano, magawo opitirira 90 mwa 100 ndi madzi okhaokha, choncho thumba lodzaza limauma n'kutsala pang'ono. Kwa nkhuku akhale wowonjezera chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chonse, chifukwa akachuluka nkhuku sizikula bwino. Mlendo wa m'tsamba amapereka nayitirojeni yekha. Fosiforasi ayenera kuchokera m'ndowe kapena m'dothi, ndipo akasowa, Azolla amafiira n'kuleka kuswana. Kutentha kwa Okutobala kungathe kumupha ngati palibe mthunzi. Ndiponso amayamwa zitsulo zapoizoni za m'madzi oipa n'kuzisunga m'thupi mwake. Tikumbuke kuti mtsinje wathu umadutsa ku migodi ya Copperbelt usanatifike, ndi kuti mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi lidagumuka, madzi a asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba n'kufa zambirimbiri. Azolla wotengedwa m'ngalande za mafakitale kapena pamene pamatsikira zonyansa za m'zimbudzi asapatsidwe kwa chiweto chimene banja lidzadya.

Mlendo akasanduka chipsinjo

Tsopano tafika pa mlendo wachitatu uja, woyala mphasa n'kukhazikika. Mphamvu yomwe imachititsa Azolla kukhala wothandiza m'dziwe la pakhomo, ndiyo imamuchititsa kukhala woopsa akathawira kumene sayenera. Mtundu wina, Azolla filiculoides, kwawo ndi ku America. Udaoneka koyamba ku South Africa mu 1948, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 udali utaphimba madamu ambiri a m'mafamu. Mphasa zake zinkatseka mapampu, kupha nsomba pozimana mpweya, ndipo ziweto zina zinkamira poyesa kuti ndi msipu. Adaugonjetsa mu 1997 ndi zaka zotsatira pomasula kachirombo ka mtundu wa nankafumbwe, Stenopelmus rufinasus, kochokera ku Florida, kamene kamadya Azolla yekha.

Ife a pa Kafue sitisowa kupita kutali kuti tiphunzire zimenezi. Chitsamba cha maluwa okongola chija chimene dziko lonse limachitcha Kafue weed, ndipo abale athu a ku Malawi amachitcha namasupuni, kwawo ndi ku South America. Chidafalitsidwa padziko lonse ndi anthu okonda maluwa ake. M'zaka za m'ma 1990 chidaphimba mtsinje wathu kotero kuti malo ena madzi sankaoneka. Chinkaunjikana pa mizati ya mlatho wa msewu ndi ya mlatho wa njanji uja womangidwa mu 1906, chinkatsekera asodzi njira, ndipo chinkaopseza makina a magetsi ku Kafue Gorge ndi mapampu a ku Iolanda otumiza madzi ku Lusaka. Chimene chimachinenepetsa ndi chakudya chomwe takambachi, nayitirojeni ndi fosiforasi, zikamatsikira mumtsinje kuchokera m'minda, m'mafakitale ndi m'zimbudzi. Ku Kariba nako, chitsamba cha Salvinia molesta chidali chitaphimba pafupifupi masikweya kilomita 1,000 a nyanjayo pofika 1962. Ndipo asodzi a pa Kafue angakuuzeni za nkhanu zija za ku Australia, zimene zidabwera kuti ziwetedwe m'madamu koma zidathawira mumtsinje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo lero zimadya nsomba zokodwa m'maukonde usiku, msodzi n'kuvuula minga yokhayokha.

Zonsezi zidabwera ndi manja a anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo ankafuna zabwino. Kulowetsa chamoyo m'madzi kumatenga mphindi imodzi, koma kuchitulutsa kumatenga mibadwo ndi ndalama za dziko lonse.

Zoyenera kusunga

Tsono banja limene likufuna kuyesa ulimi wa Azolla lisunge mfundo izi.

Choyamba, funsani alangizi a zaulimi kapena a za nsomba a m'boma lathu musanayambe. Mitundu ya Azolla imafanana kwambiri, ndipo kusiyanitsa wa kuno ndi wachilendo ndi ntchito ya odziwa. Musaitanitse mbewu kuchokera kunja kwa dziko kapena kugula kwa munthu wosadziwika chifukwa chongoona chithunzi pa foni. Bungwe loona za chilengedwe la ZEMA ndi la nthambi ya zaulimi alipo kuti atiteteze pa zoterezi.

Chachiwiri, dziwe lanu likhale kutali ndi mtsinje, ngalande ndi dambo, pamalo pamene madzi osefukira a dzinja sangafike. Wotsala musamutaye m'madzi oyenda. Muyanikeni padzuwa kapena mukwirireni m'dimba.

Chachitatu, tetezani ana. Ngakhale madzi osaya angathe kumiza mwana wokwawa, choncho tchingani dziwelo ndi mpanda. Lisakhale ndi malo otseguka kwa nthawi yaitali poti udzudzu ungaswane, ndipo mukaona nkhono za m'madzi muzichotse, pokumbukira likodzo.

Chachinayi, asodzi ndi eni mabwato atsuke ndi kuyanika maukonde ndi mabwato awo asanasamukire kumadzi ena. Kachidutswa kamodzi kokanirira pa ukonde n'kokwanira kuyambitsa vuto kumene kudalibe.

Chachisanu, polandira mbewu iliyonse yobzala ndi phesi, kaya chinangwa, kandolo, nthochi kapena nzimbe, pitani mukaone munda umene yachokera. Ngati mbewu za m'mundamo zili ndi masamba opiringizika kapena amathothomathotho, thokozani mwaulemu n'kubwerera chimanjamanja.

Potsiriza, aphunzitsi ndi makolo, nkhani iyi ndi phunziro losafuna ndalama. Mbale ya madzi, Azolla wodzaza supuni imodzi ndi kandowe pang'ono n'zokwanira kuti ana awerenge okha masiku amene mbaleyo itadzazire. Pa sukulu imene ili ndi maikulosikopu, tsamba limodzi lophwanyidwa pakati pa magalasi awiri lidzawaonetsa mikanda ija ndi maso awo. Mwana amene waona zimenezi sadzayang'ananso dambo ngati malo achabe, ndipo mwina mwa ana otere mudzatuluka akatswiri amene mtsinje wathu ukuwasowa.

Mlendo timamulandira, pakuti ndiwo mwambo wathu. Koma mwini nyumba wanzeru amayamba wafunsa kumene mlendo wachokera ndi chimene wanyamula m'thumba, asanamuyalire mphasa.